Supa Team 4

Sewero la zidole zojambula la pa Netflix, limene linayamba kuonetsedwa pa 20 Julaye 2023. Analiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo analikonza a Triggerfish a ku Cape Town mogwirizana ndi a CAKE. Nkhani yake ikuchitikira mu Lusaka wam'tsogolo. Atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amalembedwa ntchito ndi Mama K, kazitape wopuma, kuti azilimbana ndi zigawenga mwachinsinsi, homuweki ili kudikira kunyumba. Nyimbo yotsegulira anaiyimba Sampa the Great, woyimba wobadwira ku Zambia. Chonyaditsa kwambiri n'chakuti gulu la olemba nkhani zake linali ndi akazi a muno mu Africa.