Mbiri ya Mowa wa ku Germany ndi Gwero la Kakomedwe Kake

Mowa wa ku Germany ulipo wamitundumitundu, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi wakewake. Dzikolo lili ndi malo ofululira mowa pafupifupi 1,500, ndipo chigawo cha Bavaria, kummwera, ndicho chili ndi ochuluka kuposa zigawo zonse. Mlendo amene wakhala pa tebulo m'nyumba yodyera amapatsidwa mndandanda wa mayina monga Pils, Helles, Dunkel, Weizen ndi Bock. Amenewa si mayina a makampani koma a kafululidwe, ndipo kakomedwe ka uliwonse kanachokera ku malamulo a mafumu, ku nyengo ya dzikolo, kapena ku mpikisano wa mizinda.

Kalekale ntchito yofulula inali ya amayi pakhomo ndiponso ya amonke m'nyumba zawo za mapemphero. Nyumba ya Weihenstephan, ku Freising, imati inayamba kufulula mu 1040, ndipo ya Weltenburg, m'mphepete mwa mtsinje wa Danube, imatchula chaka cha 1050. Mowa wa masiku amenewo ankaukometsa ndi zitsamba zosakaniza, zina mwa izo zozunguza mutu komanso zoopsa. Pang'ono ndi pang'ono chomera choyanga chotchedwa hops chinalanda malo a zitsambazo, chifukwa maluwa ake amawawitsa mowa ndi kuuteteza kuti usasase msanga. Hildegard wa ku Bingen, sisitere wa m'zaka za m'ma 1100, analemba kale za mphamvu imeneyi. Lero dera la Hallertau ku Bavaria ndilo munda waukulu wa hops m'dzikolo.

Pa 23 Epulo 1516, mumzinda wa Ingolstadt, akalonga awiri apachibale, Wilhelm IV ndi Ludwig X, analamula kuti mowa wa ku Bavaria uzifululidwa ndi zinthu zitatu zokha: balere, hops ndi madzi. Lamuloli, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Reinheitsgebot, linaikanso mtengo wogulitsira mowa. Anthu amalitama ngati lamulo loteteza umoyo wa omwa, ndipo nzoona kuti linachotsa zitsamba zoipa m'mbiya, koma linalinso lamulo la chakudya: tirigu anasungidwira ophika buledi kuti njala isagwe chifukwa cha mowa. Yisiti sinatchulidwe, ngakhale kuti popanda iyo mowa sungawire.

Lamulo lina la mu 1553, limene silitchuka kwenikweni, ndilo linasintha kakomedwe ka mowa kwambiri kuposa loyambalo. Kalonga Albrecht V analetsa kufulula kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Seputembala, popeza mowa wa m'nyengo yotentha unkawonongeka ndipo moto wa pofululira unkayambitsa ngozi m'mizinda. Ofulula anakakamizika kugwira ntchito m'chisanu. M'kuzizira kotero imene imapirira ndi yisiti ya mtundu umodzi, imene imagwira ntchito mosafulumira n'kukhazikika pansi pa mgolo. Mowa wake umatuluka wosalala, wopanda fungo la zipatso, ndipo kukoma kwa chimera kumamveka bwino. Umenewu ndiwo lager. Woyamba unali wakuda, Dunkel wa ku Munich, wokoma ngati khungu la buledi wopsa bwino, ndipo mpaka pano ndiwo umayenda ndi nyama ya nkhumba yowotcha.

Kuti mowa ufike mpaka Seputembala, wa m'mwezi wa Malichi ankaufulula waukali pang'ono n'kuusunga m'zipinda zapansi zodzaza ndi madzi oundana odulidwa m'mitsinje ndi m'maiwe. Uwu ndi Märzen, wofiirira, umene kwa zaka zambiri unali mowa wa chikondwerero cha Oktoberfest, chomwe chinayamba mu 1810 pa ukwati wa kalonga Ludwig ndi Therese. Pamwamba pa zipinda zija anabzalapo mitengo yamthunzi, ndipo anthu anayamba kukhala pansi pake n'kumamwa. Eni nyumba zodyera atadandaula kuti makasitomala awathawa, mfumu Maximilian I inagamula mu 1812 kuti ofulula agulitse mowa ndi buledi basi. N'chifukwa chake m'minda yomwera mowa ya ku Bavaria munthu amaloledwabe kubwera ndi kamba wake.

Mowa wa tirigu, Weizen kapena Weissbier, unapulumuka chifukwa olamulira okha anaswa lamulo lawo. Banja la Degenberg linali ndi chilolezo chapadera choufulula, ndipo litatha mu 1602 chilolezocho chinagwera m'manja mwa kalonga Maximilian, amene anaona kuti muli ndalama. Kwa zaka pafupifupi 200 phindu lake linkalowa m'thumba la banja lolamulira. Anthu atasiya kuukonda, Georg Schneider anagula ufulu woufulula mu 1872 ndipo anausunga kuti usafe. Weizen umagwiritsa ntchito yisiti yoyandama pamwamba, imene imaupatsa fungo la nthochi, ngakhale mulibe chipatso chilichonse. Suwawa kwenikweni, uli ndi thovu lambiri, ndipo ukakhala wosasefa umaoneka wambuu ngati thobwa. Kwa munthu amene sakonda zowawa, uwu ndiwo woyambira. Ku Munich amaumwa m'tambula yaitali ya theka la lita, pamodzi ndi soseji yoyera, dzuwa lisanafike paliwombo.

Bock unachokera kumpoto, mumzinda wamalonda wa Einbeck, umene mowa wake waukali unkagulitsidwa kutali. Olamulira a Bavaria, atatopa ndi kuugula modula, anamanga malo awoawo ofululira mowa otchedwa Hofbräuhaus mu 1589, kenako anakopa katswiri wa ku Einbeck, Elias Pichler, kuti adzawafululire. Amonke a Paulaner anaufulula wolemera koposa kuti uziwagwira m'mimba pa nyengo ya Lenti, ndipo Doppelbock wawo, Salvator, ulipobe. Mowa wamba wa ku Germany uli ndi ukali wa pafupifupi 5 peresenti, pamene Doppelbock umapitirira 7. Ndi wotsekemera, ndipo kutsekemerako kumabisa ukali wake kwa wosauzolowera.

Zaka za m'ma 1800 zinabweretsa mowa wowala. Mu 1842 Josef Groll, wa ku Bavaria, anafulula mowa wamtundu wa golide mumzinda wa Pilsen, umene lero uli ku Czech Republic. Pils unafalikira mofulumira, ndipo ndiwo umamwedwa kwambiri ku Germany masiku ano. Ndi wouma kukhosi ndi wowawa, makamaka wa kumpoto monga Jever, ndipo umayenda bwino ndi nsomba. Ofulula a ku Munich anayankha ndi Helles, umene kampani ya Spaten inatulutsa mu 1894: wowala chimodzimodzi, koma wofewa, wokomera ku chimera osati ku hops. Kusiyana kwa Pils ndi Helles ndiko kofunika kwambiri kukudziwa, chifukwa m'tambula amafanana koma pa lilime ndi otalikirana. Makina oziziritsa a Carl von Linde, amene Spaten inayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1870, anachititsa kuti lager izifululidwa chaka chonse ndi m'dziko lililonse. Yisiti imene J. C. Jacobsen anayambira nayo Carlsberg ku Denmark anaitenga ku Spaten komweko, ndipo Carlsberg ndi imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968.

Mizinda ina inakana kutengeka. Cologne inasunga yisiti yoyandama ndipo imafulula Kölsch, wowala ndi wopepuka, umene pangano la mu 1986 linati uzichokera mumzindawo ndi m'madera oyandikana nawo basi. Amaupereka m'timatambula topyapyala ta malita 0.2, ndipo woperekera amabweretsa kena osafunsa, n'kulemba kamzere pa kapepala koikapo tambula, mpaka womwayo atavundikira tambula ndi kapepalako. Düsseldorf, mzinda woyandikana nawo umene amapikisana nawo pa chilichonse, uli ndi Altbier, wofiirira ndi wowawirapo. Ku Bamberg ena amaumitsabe chimera pa moto wa nkhuni, ndipo Rauchbier wawo umanunkhira utsi ngati nyama yowamba. Berliner Weisse ndi wowawasa, wa ukali wa pafupifupi 3 peresenti, ndipo ambiri amathiramo madzi a zipatso otsekemera. Gose wa ku Leipzig, wochokera ku Goslar, uli ndi mchere.

Mitundu ngati imeneyi inavutika pamene lamulo la Reinheitsgebot linafalikira m'dziko lonse mu 1906, ndipo yambiri ya kumpoto, yothira zonunkhira, inazimiririka. Mu 1987 khothi la ku Ulaya linagamula kuti Germany singaletse mowa wakunja chifukwa chosatsata lamulolo, koma ofulula ambiri a m'dzikomo akulitsatabe ndipo amalilemba pa mabotolo monyadira. M'nyumba zodyera zambiri mowa wa m'migolo umakhala wa kampani imodzi ya m'deralo, ndipo munthu amaitanitsa potchula mtundu ndi kukula kwa tambula, kaya yaing'ono, ya theka la lita, kapena Maß ya lita yathunthu ku Bavaria. Amene akufuna zopepuka amaitanitsa Radler, mowa wosakaniza ndi chakumwa cha mandimu, ndipo oyendetsa galimoto amapeza Pils ndi Weizen wopanda ukali pafupifupi pa mndandanda uliwonse.