Diso Kwina, Lenzi Kwina: Tizida Tolunjikitsira Kamera ya Pompopompo

Kamera yotulutsa chithunzi pompopompo ilibe chisoni. Ukangodina batani pepala latuluka, ndipo ngati mutu wa mkwati wadukira pamphumi, wadukiratu basi. Paketi ya filimu ya Instax imakhala ndi mapepala 10, ya Polaroid ya masiku ano 8 okha, motero kuphonya kulikonse ndi ndalama yolowa m'madzi. Tizida tambiri tomwe anthu amaveka pa makamerawa tinabwera pofuna kuthana ndi vuto limodzi: diso la wojambula ndi lenzi siziona malo amodzi.

Kabowo kosuzumirapo pa kamera ojambula amakatcha viewfinder. Pa makamera ambiri a mtunduwu ndi kawindo kapadera, kali chapamwamba ndi chapambali pa lenzi, ndipo pakati pa ziwirizi pali mpata wa masentimita angapo. Kusemphana kobwera ndi mpatawu ndiko amati parallax. Imikani chala patsogolo pa mphuno, mutsinzine diso lamanzere, kenako lamanja, muona chalacho chikudumpha uku ndi uku. Chitalikitseni, kudumphako kuchepa. N'chifukwa chake phiri silivuta kujambula, koma keke ya patebulo imathawira pangodya.

Kachida kofala kwambiri ndi close-up lens, kagalasi kopanikiza kutsogolo kwa lenzi. Instax Mini 9, yomwe Fujifilm inatulutsa mu 2017, payokha imajambula bwino chinthu chotalikira masentimita 60 kapena kuposa apo. Ukaiveka kagalasi kake umafika pa masentimita 35 mpaka 50. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Kagalasika kamachotsa chimbuuzi, koma sikakhudza kawindo kosuzumira, ndiye ukasendera pafupi parallax imakula. Wozolowera saika kachizindikiro kozungulira ka m'kawindo pakati penipeni pa nkhope. Amakasunthira kumwamba chakumanja pang'ono, n'kudina akudziwa kuti zomwe akuonazo sindizo zituluke.

A Polaroid a m'ma 1960 anaiganizira nkhaniyi mpaka kumapeto. Makamera awo opinda, monga Automatic 100 ya mu 1963, ankawagulitsira padera portrait kit ndi close-up kit, ndipo m'bokosimo simunali galasi la pa lenzi lokha. Munalinso lina loveka pa kawindo ngati mandala, kuti diso nalo likonzedwe. Makamerawa anali ndi rangefinder: ukasuzumira umaona zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi, n'kumasintha lenzi mpaka zitakumana. Popanda mandala aja, rangefinder ikananama. Kunena zoona, ogulitsa timagalasi totchipa lero akanaphunzirapo kanthu.

Kenako pali selfie mirror, kagalasi kodziyang'anira kotukuka pakati, kongofanana ndi kobiri kukula kwake. Mini 8 inalibe, ndiye anthu ankagula kophatikiza ndi close-up lens. Pa Mini 9 anakamatiratu pambali pa lenzi. Ine ndimakaona ngati kanzeru kuposa tina tonse, chifukwa kamakhala pafupi kwambiri ndi lenzi, ndipo ngati khutu la mnzako silikuoneka m'kagalasimo, pachithunzi pomwenso mwina silidzakhalapo.

Njira yakale kwambiri ilibe galasi n'komwe. Frame finder, kapena sports finder, ndi kafelemu ka waya kokhala ndi kabowo kumbuyo, komwe atolankhani akale ankakonda chifukwa ukuyang'ana umaonanso zochitika kunja kwa felemu. Polaroid CU-5, yomwe madokotala a mano ankagwiritsa ntchito, inapitirira apo: felemu inkatulukira kutsogolo, ukaifikitsa pa chinthucho, zonse zili m'kati mwake ndizo zinkajambulidwa.

Parallax imatheratu pa kamera ya SLR, m'mene timagalasi ta m'kati timabweretsa kudiso kuwala kolowera pa lenzi yeniyeniyo. Polaroid SX-70 ya mu 1972 ndi yotero. Instax Mini 12 ya mu 2023 si SLR, koma ukapotokola lenzi kuti ujambule chapafupi, kawindo nako kamasintha kutsata lenziyo. Mwini kamera ngati imeneyi asavutike n'kugula close-up lens. Wa Mini 8 kapena 9 ayang'ane nambala ya kamera pa paketi asanalipire, popeza kagalasi ka mtundu wina nthawi zina sikalowa pa unzake, ndipo timagalasi tofiira ndi tobiriwira tomwe amalonda amaika m'mpukutu womwewo timangosintha mtundu wa chithunzi.