Kudya ndi ululu wa m'mimba pambuyo pochotsedwa chikhodzodzo

Munthu akachotsedwa chikhodzodzo, achibale amayembekezera kuti mavuto ake onse akhala okhudza mkodzo. Koma m'masabata oyamba chimene chimasautsa odwala ambiri ndi chakudya. Akangodya pang'ono mimba imafufuma, imapotokola, mseru umabwera, ndipo ena amayamba kuopa mbale ya nsima. Ululu umenewu umachokera m'matumbo, ndipo banja likamvetsa chifukwa chake limatha kuteteza wodwala kuti asawonde mpaka kufooka.

Opaleshoni imeneyi imachitika makamaka chifukwa cha khansa ya m'chikhodzodzo. M'maiko olemera gwero lalikulu la khansayi ndi kusuta fodya, pomwe kuno kwathu likodzo limene lakhala m'thupi zaka zambiri osachizidwa ndilo limapalamula kwambiri. Mu 1994 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika nyongolotsi za likodzo la m'chikhodzodzo pamndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa. Likodzo si la kunyanja kokha. M'zigwa za Kasungu mlimi amene amatunga madzi othirira nazale ya fodya m'madambo, m'madamu a m'maesiteti kapena m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa akhoza kulitenga, pamene mankhwala a praziquantel akanatha kulithetsa msanga. Odwala otere a m'bomali amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130.

Matumbo amalowapo chifukwa mkodzo uyenera kupezeredwa njira ina. Njira yofala, imene dokotala wa ku America Eugene Bricker anaitchukitsa mu 1950, ndi yodula kachidutswa ka matumbo aang'ono kotalika masentimita 15 mpaka 20, kulumikizako timachubu tochokera ku impso, n'kukatulutsira pakhungu la pamimba pomwe amamatapo kathumba kolandira mkodzo. Matumbo otsalawo amawasokanso pamodzi. Choncho wodwalayo amakhala atachitidwa maopaleshoni awiri nthawi imodzi, ndipo matumbo ogwidwagwidwa ndi kusokedwa amayamba aima kaye masiku angapo. Mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine amawachedwetsanso ndipo amadzimbitsa. N'chifukwa chake anamwino amafunsa wodwala tsiku lililonse ngati watulutsa mpweya. Funsoli limachititsa manyazi, makamaka pamaso pa apongozi, koma yankho lake ndilo limasonyeza kuti matumbo adzuka.

Kale odwala ankawasalitsa chakudya masiku ambiri. Lero madokotala ambiri amayambitsa zakumwa ndi zakudya zofewa msanga, amalimbikitsa kuyenda pang'onopang'ono muwodi kuyambira tsiku lotsatira, ndipo ena amapatsa odwala chingamu kuti kutafuna kudzutse matumbo. Amene akudikirira wodwala asamupatse chilichonse chochokera kukhitchini ya magadiyani dokotala asanalole.

Vuto lenileni limayamba wodwala akafika kunyumba. Mwambo wathu ndi kudya kawiri kapena katatu patsiku, mitanda ingapo ya nsima yolimba nthawi imodzi, ndipo wodwala akasiya chakudya pambale amakakamizidwa kuti amalize. Matumbo amene asokedwa kumene sakwanitsa zimenezi. Pamalo osokedwapo pamakhala potupa ndi popapatiza kwa kanthawi, moti chakudya chambiri kapena chosatafunidwa bwino chimavutika kudutsa. Choyenera ndi kudya pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, modekha ndi kutafuna mokwanira. Phala la ufa woyera, nsima yofewa, mpunga wophikidwa mpaka kulobodoka, mbatata kapena maungu ophwanyidwa, nthochi zakupsa ndi papaya ndizo zoyambira zabwino. Mgaiwa, umene alangizi a zaumoyo amautamanda pa zifukwa zomveka, ukhoza kuyamba wadikira masabata angapo chifukwa gaga wake amalemetsa matumbo.

Zimene kawirikawiri zimabweretsa ululu ndi zakudya zodzaza mpweya kapena zokhala ndi makoko ndi ulusi: nyemba ndi khobwe zamakoko, kabichi, anyezi wambiri, chimanga chootcha, mbuluuli, mtedza wokazinga wosasinja, chigwada ndi mango aulusi aja amene amadzaza m'midzi mu Disembala. Zakumwa za gasi, mowa, tsabola ndi zokazinga m'mafuta ambiri monga tchipisi ndi mandasi nazonso zimavutitsa anthu ambiri. Palibe mwa zimenezi choletsedwa moyo wonse. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi wodwala akhoza kumabwezeretsa chakudya chimodzi nthawi imodzi, pang'ono, n'kuona mmene mimba yachilandirira. Anthu amasiyana, ndipo chimene chapweteka mmodzi mnzake amadya bwinobwino.

Kulakwitsa kofala ndi kumusiya wodwala pa phala lamadzimadzi ndi tiyi kwa mwezi wathunthu poopa ululu. Bala lalikulu chotere limafuna zakudya zomanga thupi kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ambiri amafika pa opaleshoni ataonda kale komanso magazi atachepa chifukwa chokodza magazi nthawi yaitali. Pamenepa Kasungu ali ndi mwayi, pakuti mtedza ndi soya zimalimidwa kwambiri. Nsinjiro zosefa bwino, ufa wa soya wokazinga, dzira, mkaka kapena usipa wosinja zikathiridwa m'phala zimalemeretsa chakudya popanda kuchulukitsa. Nyemba za chipere, zochotsa makoko, zimavuta pang'ono poyerekeza ndi zamakoko, ndipo nkhwani kapena bonongwe wosadzula bwino ndi kuphika mpaka kufewa akhoza kulowa msanga.

Madzi ndi nkhani ina imene odwala amaiphonya. Ena amachepetsa kumwa kuti kathumba kasadzaze msanga, makamaka akakhala pa ulendo wa minibasi kapena kutchalitchi. Zimenezi n'zoopsa. Kachidutswa ka matumbo kaja kamapitiriza kutulutsa zonanda ngati mamina, zimene zimaoneka mumkodzo ndipo si matenda, koma madzi akachepa zimatseka njira, tizilombo timakwera ku impso ndipo miyala imayamba. Ngati dokotala sanaletse chifukwa cha vuto la mtima kapena impso, wodwala amwe malita awiri kapena atatu a madzi otetezedwa patsiku, ndipo aonjezere m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Mlimi asathamangirenso kunyamula mabelo opita ku Chinkhoma kapena matumba a fetereza kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa matumbo akhoza kutukumuka pansi pa khungu pafupi ndi kabowo kaja n'kuyambitsa ululu wina pambuyo pa chakudya.

Ululu wobwera munthu akadya, n'kutha akatulutsa mpweya kapena akapita kuchimbudzi, nthawi zambiri umachepa pakapita masabata. Koma ngati mimba yatupa n'kulimba, wodwala akusanza mosalekeza makamaka zobiriwira, sakutulutsa mpweya kapena chimbudzi, thupi latentha, m'nthiti chakumsana mukupweteka kapena mkodzo wasiya kutsika m'kathumba, apite naye kuchipatala cha boma cha Kasungu tsiku lomwelo. Asamupatse mankhwala otsekula m'mimba kapena azitsamba, chifukwa matumbo akhoza kukhala atatsekeka ndi zipsera za m'kati.

Pali vuto limodzi lochedwa kuonekera. Vitamini B12 amalowa m'thupi kudzera kumapeto kwa matumbo aang'ono, pafupi ndi pamene kachidutswa kaja kamadulidwa, ndipo chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo. Motero kufooka, kuchepa kwa magazi ndi dzanzi m'mapazi zikhoza kuyamba patapita zaka zitatu kapena zisanu, munthu ataiwala za opaleshoni. Kuyezetsa magazi kamodzi pachaka kumaonetsa vutoli, ndipo limachizika ndi jakisoni.