Manda Asanu ndi Mkristu Mmodzi

Tikumbukire masiku oyamba a Eklesia m'dziko lathu lino. M'caka ca 1875 amishoni a Livingstonia analowa m'nyanja ndi sitima yao Ilala, namanga ku Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda. Malowo anali okoma m'maso, koma malungo anawasautsa kopambana. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo Shadrach Mngunana, mphunzitsi wocokera ku Lovedale, anamtsata caka comweco. Pofika 1881 manda anali asanu, ndi wobatizidwa mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe.

Wowerenga monga awerengera malonda akadati nchito yagwa. Koma Dr Robert Laws sanabwerere kwao. Anasamukira ku Bandawe caka cimeneco, nasiya Namalambe asunge sukulu ndi mapemphero pabwinjapo. Mu 1894 anakwera ku Khondowe, ndipo mu 1914 abusa atatu oyamba akuda a Livingstonia anadzozedwa.

Cifukwa cace, inu aphunzitsi a m'midzi, pamene ana acepa m'sukulu, ndi a m'kalasi abwerera m'mbuyo, musataye mtima. Ife tidya lero za m'munda umene olimawo anauona wouma.