Uvuni wa mgolo: kapangidwe kake ndi kawambidwe ka nyama ndi nsomba

Uvuni wa mgolo ndi chipangizo chowambira nyama kapena nsomba chomwe chimapangidwa kuchokera ku mgolo wachitsulo wa malita 200, umene ambiri amautchula kuti diramu. Mgolowo amauimika chilili. Makala amakhala pansi, nyama imakhala pa sefa chakumtunda, ndipo chivindikiro chimasunga kutentha ndi utsi mkati. Mmisiri aliyense wowotcherera zitsulo, kaya pa Rumphi Boma, ku Bolero kapena ku Phwezi, angathe kuupanga tsiku limodzi. Komabe uvuniwu umatulutsa ndiwo zabwino pokhapokha mgolo ukhale waukhondo, nkhuni zikhale zoyenera ndipo moto ukhale wodekha. Chimodzi mwa zitatuzi chikalakwika, ndiwo zimawawa kapena kudwalitsa anthu.

Kuotcha ndi kuwamba

Kanyenya wa pamsika amaotchedwa pafupi ndi makala oyaka kwambiri, ndipo amapsa m'mphindi zochepa. Kuwamba n'kosiyana: nyama imatalikirana ndi moto n'kumapsa pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha wosakanikirana ndi utsi. Mu uvuni wa mgolo kutentha kumayenera kukhala pakati pa madigiri 110 ndi 120 a Celsius. Pa kutentha kotere, mitsempha yolimba ya mwendo wa mbuzi kapena chidale cha ng'ombe imasungunuka, nyama n'kufewa osapserera kunja.

Kuwamba nakonso kuli pawiri. Pali kuwamba nyama yoti idyedwe tsiku lomwelo, monga paukwati, pachinkhoswe kapena pamalo ogulitsira zakudya. Palinso kuwamba kofutsa, komwe cholinga chake n'kuchotsa madzi kuti ndiwo zisungike. Nyama yowamba mwa njira yoyambayo imakhala idakali ndi madzi ambiri, choncho imawonongeka msanga ngati nyama ina iliyonse yophika. Utsi pawokha susunga ndiwo. Chomwe chimasunga ndi kuuma pamodzi ndi mchere.

Ku United States uvuni wotere ndi wotchuka pakati pa okonda nyama yowamba, ndipo kumeneko ndi wa chisangalalo chabe. M'boma la Rumphi phindu lake n'loposa apo. Ku Chiweta, Mlowe ndi Tchalo, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, usipa amauyanika pa thandala, koma nsomba zikuluzikulu ndi zamafuta monga kampango, bombe, mlamba ndi mcheni sizingaume bwino ndi dzuwa lokha, makamaka m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Msodzi yemwe alibe furiji ayenera kuziwamba tsiku lomwelo, apo ayi ziola. Kuwamba pa moto wa pamtetete kumatha nkhuni zambiri chifukwa kutentha kumamwazika ndi mphepo, pomwe mgolo wovindikira umakusunga pamalo amodzi.

Kusankha mgolo

Apa ndi pomwe pagona moyo wa anthu odzadya ndiwozo. Mgolo woyenera ndi womwe munali zakudya, monga mafuta ophikira. Mgolo womwe munali mankhwala ophera tizilombo kapena udzu, penti, phula kapena mankhwala a m'fakitale ndi wosayenera ngakhale utatsukidwa kangati. M'chigwa cha Henga ndi ku Nkhamanga, komwe ulimi wa fodya ndi waukulu, mankhwala a m'munda amapezeka pafupifupi pakhomo lililonse, kotero wogula ayenera kufunsitsa zomwe zinali mumgolomo. Wogulitsa akakhala kuti sakudziwa, mgolowo usiyidwe.

Mgolo womwe munali petulo, dizilo kapena parafini uli ndi ngozi inanso. Ngakhale uoneke wouma, mkati mumatsalira mpweya woyaka, ndipo kamoto kochokera ku galayinda kapena makina owotcherera kangauphulitse n'kupha mmisiri. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amayamba atsegula zotsekera zonse, kuutsuka ndi sopo, kenako n'kuudzaza madzi asanaudule.

Chitsulo chokutidwa ndi zinki, chija chimawala ngati malata, sichifunika pamalo ofika moto chifukwa chikatentha kwambiri chimatulutsa utsi wodwalitsa. Mashelefu a furiji yakale nawonso ndi osayenera kukhala sefa, poti ena anakutidwa ndi pulasitiki kapena zitsulo zoipa m'thupi.

Kapangidwe

Mgolo wa malita 200 umatalika pafupifupi masentimita 88, ndipo pakamwa pake ndi masentimita 57 kapena 58. Ngati ulibe chivindikiro chochotseka, mmisiri amadula pamwamba mozungulira ndi kukonza chidutswacho kuti chizivindikira mothina.

Ntchito yoyamba n'kuboola ziboo zitatu zolowetsa mpweya, chilichonse cha masentimita awiri, motalikirana mofanana kuzungulira mgolo, pa masentimita asanu kuchokera pansi. Chiboo chilichonse chikhale ndi kachitsulo kotsekera. Pachivindikiro pamafunika chiboo chimodzi cha masentimita asanu, kapena ting'onoting'ono tingapo, potulukira utsi.

Kenako mgolo umadzazidwa nkhuni zouma n'kuyatsidwa pabwalo, kutali ndi nyumba zaudzu ndi zigafa za fodya, mpaka penti yense wa mkati ndi kunja atapsa. Ukazizira amaukwecha ndi burashi yawaya kufikira chitsulo chitaonekera, kuutsuka, kuuumitsa, n'kupaka mafuta ophikira mkati monse kuti usachite dzimbiri. Mkati simupakidwa penti.

Makala amaikidwa m'dengu lachitsulo loboolaboola, la masentimita pafupifupi 35 m'lifupi ndi 25 m'litali, lokhala ndi miyendo ya masentimita 7 kuti phulusa lizigwera pansi osatseka mpweya. Sefa ya nyama imakhazikika pa mabauti anayi olowetsedwa m'mbali mwa mgolo, pa masentimita 18 kuchokera pakamwa. Ikatero imatalikirana ndi tsinde la dengu ndi masentimita pafupifupi 60, ndipo mpata umenewu ndiwo umaletsa nyama kupserera. Wowamba nsomba angathe kuika masefa awiri kapena atatu, n'kumawasinthanitsa kuti nsomba zonse zipse mofanana. Zogwirira zamtengo pachivindikiro ndi m'mbali zimateteza manja.

Kagwiritsidwe ntchito

Dengu limadzazidwa makala osayatsa, pakati pake n'kuikamo zidutswa zitatu kapena zinayi za nkhuni zouma. Makala oyaka ochepa chabe, oyatsira pambaula, amathiridwa pamwamba kuti moto uzitsika pang'onopang'ono. Parafini, mapepala apulasitiki ndi zidutswa za matayala siziyenera kuyatsira moto wowambira ndiwo.

Moto umalamulidwa ndi ziboo zapansi. Zikatsegulidwa zonse, kutentha kumakwera. Ziwiri zikatsekedwa, kumatsika. Chiboo chapamwamba chimakhala chotsegula nthawi zonse, chifukwa utsi wosowa potulukira umawawitsa nyama. Utsi woyamba umakhala woyera ndi wochindikala. Ndiwo zimalowetsedwa utsiwo ukapyapyala n'kumaoneka mobiriwira, patatha pafupifupi theka la ola.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi iliyonse chivindikiro chikatsegulidwa, mpweya wambiri umalowa ndipo makala amalilima. Nkhuku yathunthu imatenga maola atatu kapena anayi, mwendo wa mbuzi maola asanu kapena kuposerapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chifike madigiri 70 mkati mwake kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Komwe kulibe kachipangizo koyezera kutentha, nyama ibayidwe pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, opanda magazi.

Nsomba zimayamba zatumbulidwa, kutsukidwa ndi madzi aukhondo, n'kuviikidwa kwa theka la ola m'madzi a mchere, magalamu 100 pa lita imodzi. Zikatero zimayalidwa pamthunzi kuti zikhe madzi, poti nsomba yonyowa imagwira mwaye. Zodya tsiku lomwelo zimapsa m'maola awiri kapena atatu. Zokagulitsa ku Mzuzu kapena kusunga zimapitirira pa moto wochepa mpaka zitauma gwa, ndipo zimazizira kaye zisanalongedwe, kuopa nkhungu.

Uvuniwu ndi wa pabwalo basi. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe ku Livingstonia ndi kumapiri a Phoka kumazizira kwambiri, mgolo wotentha usalowetsedwe m'nyumba kuti anthu aothe.

Nkhuni ndi utsi

Nkhuni zabwino ndi za mitengo yolimba ndi youma bwino, monga nthambi zosadzula za mango ndi gwafa. Zitsononkho za chimanga nazonso zimathandiza. Paini ali ndi utomoni womwe umadetsa ndi kuwawitsa nyama. Nkhadze ndi mwavi ndi mitengo yapoizoni. Matabwa opaka penti ndi mapolo onyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe ndi oopsa chimodzimodzi.

Utsi wakuda, makamaka wobwera mafuta akamadonthera pa makala, umasiya pa ndiwo mankhwala omwe asayansi amawatchula mwachidule kuti PAH. Amodzi mwa iwo, benzo[a]pyrene, amayambitsa khansa, ndipo kuyambira mu 2014 mayiko a European Union salola nyama kapena nsomba zambiri zowamba kupitirira mamaikulogalamu awiri a mankhwalawa pa kilogalamu. Njira yapafupi yowachepetsera ndi kuika beseni lachitsulo lokhala ndi madzi pang'ono pakati pa makala ndi sefa kuti lizilandira mafuta.

Vuto lomweli, pamodzi ndi kutha kwa nkhuni, ndi lomwe linachititsa akatswiri kupanga mauvuni ena. Wa Chorkor unapangidwa ku Ghana mu 1969 mothandizidwa ndi bungwe la FAO, ndipo umagwiritsa ntchito mathireyi osanjikiza pa ng'anjo yadothi kapena yanjerwa. Wa FTT-Thiaroye, wochokera ku Senegal, umasiyanitsa moto ndi nsomba ndipo uli ndi polandirira mafuta. Gulu la asodzi lowamba nsomba zambiri lingapindule ndi amenewa. Mgolo umakwanira banja kapena wamalonda wamng'ono, ndipo umanyamulika.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso cha nthambi ya zankhalango. Wowamba angapewe mlandu pogula makala ovomerezeka kapena opangidwa kuchokera ku zinyalala za m'munda.

Boma la Rumphi lilinso ndi nkhalango ziwiri zotetezedwa: Nyika, yomwe inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1965, ndi Vwaza. Nyama yam'tchire yophedwa mozemba ndi yoletsedwa, yaiwisi kapena yowamba, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri.

Chiweto chofa chokha sichiyenera kuwambidwa. Utsi suchotsa matenda, ndipo kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamatha kukhalabe m'nyama yofutsa n'kufalikira kumakola ena. Nyama yogulitsa iyenera kuyamba yayezedwa ndi alangizi a ziweto.

Kasamalidwe

Ntchito ikatha, ziboo zonse zimatsekedwa kuti moto uzime, ndipo makala otsala amadzagwira ntchito tsiku lina. Phulusa lichotsedwe likazizira, chifukwa likanyowa limadya chitsulo ndipo tsinde la mgolo limabooka. Sefa ikwechedwe idakali yofunda n'kupakidwa mafuta. Mgolo wosungidwa pouma, pamwamba pa njerwa, umatumikira banja kwa zaka zingapo.