Kugawana nyumba za sukulu ya boma

Kugawana nyumba za sukulu ndi dongosolo loti sukulu ziwiri, iliyonse ndi utsogoleri wake, kaundula wake wa ana ndi thumba lake la ndalama, zizigwiritsa ntchito makalasi, bwalo ndi zimbudzi za pamalo amodzi. Ku America nkhaniyi yakhala ikubutsa mapokoso pakati pa makolo a ana a m'sukulu za boma ndi eni sukulu zotchedwa charter. Kuno ku Malawi kulibe sukulu za charter, koma kugawana makalasi kulipo ndithu, makamaka kudzera m'sukulu za openi, zomwe zimayamba masana ana osankhidwa ndi boma akaweruka.

Kumene mkanganowu unayambira

Sukulu ya charter imalandira ndalama za boma ndipo ana salipira fizi, koma oyendetsa ake ndi bungwe loima palokha lomwe lasainirana pangano ndi boma kwa zaka zowerengeka. Bungwelo limadzilembera aphunzitsi ndi kudziikira malamulo ambiri a pasukulu. Dera la Minnesota ndilo linayamba kukhazikitsa lamulo lolola sukuluzi mu 1991, ndipo yoyamba inatsegulidwa mumzinda wa St. Paul mu 1992.

Vuto la sukuluzi kuyambira pachiyambi linali pogwirira ntchito. M'mizinda ikuluikulu malo ndi odula, ndiye maso awo anagwera pa nyumba za sukulu za boma zomwe ana anali atachepamo. Ku New York, Michael Bloomberg, yemwe anali mfumu ya mzinda kuyambira 2002 mpaka 2013, anatsegula khomo loti sukulu za charter zilowe m'nyumba za boma popanda kulipira lendi. Gulu la Success Academy, lomwe Eva Moskowitz anayambitsa ku Harlem mu 2006, linakula kwambiri kudzera m'njira imeneyi.

Makolo a m'sukulu zakale sanakhale chete. Ankadandaula kuti chipinda chomwe akuluakulu a mzinda akuti n'chopanda ntchito ndicho cha nyimbo, cha zojambulajambula kapena chothandiziramo ana olumala. Holo yodyeramo ikagawidwa, ana ena ankadya nkhomaliro kudakali m'mawa. Chowawa kwambiri chinali choti ana a mbali imodzi ankaona anzawo a m'nyumba yomweyo ali m'makalasi opentedwa chatsopano ndi zipangizo zatsopano. Mu 2011 bungwe la aphunzitsi la United Federation of Teachers pamodzi ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP anakasuma kukhoti pofuna kuletsa kutsekedwa kwa sukulu zina ndi kulowetsedwa kwa za charter, koma woweruza anakana kupereka chiletso. Mu February 2014 mfumu yatsopano ya mzindawo, Bill de Blasio, inaimitsa mapulani atatu a Success Academy. Patangopita masabata ochepa, aphungu a dera la New York, mothandizidwa ndi bwanamkubwa Andrew Cuomo, anakhazikitsa lamulo loti sukulu ya charter yatsopano kapena yomwe ikukula ipatsidwe malo, apo ayi mzinda uilipirire lendi kwina. Komabe makolo nthawi zina amapambana: mu January 2023 mzindawo unabweza mapulani atatu olowetsa Success Academy m'sukulu za ku Queens ndi ku Bronx anthu atakana kwamtuwagalu.

Ku California, lamulo la Proposition 39 lomwe anthu anavotera mu 2000 limakakamiza maofesi a maphunziro kupereka malo kwa sukulu za charter, ndipo ku Los Angeles nkhani ya sukuluzi inali m'gulu la madandaulo a aphunzitsi pa sitalaka ya mu January 2019.

Sikuti zonse zikuikira kumbuyo otsutsa. Sarah Cordes wa ku Temple University atafufuza zotsatira za mayeso ku New York anapeza kuti ana a m'sukulu za boma zogawana nyumba ndi za charter ankakhoza bwinoko pang'ono masamu ndi kuwerenga. Otsutsa amayankha kuti mayeso sayeza kutayika kwa chipinda cha nyimbo.

M'Malawi: kubwerekana makalasi n'kwakale

Kuno kwathu kugawana makalasi kunabadwa chifukwa cha kusowa, osati chifukwa cha zipinda zotsala. Malawi Correspondence College inakhazikitsidwa mu 1965 kuti ithandize amene sanapeze malo kusekondale, ndipo mu 1987 inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, yomwe anthu amangoti MCDE. Malo ambiri ophunzirira a MCDE m'midzi anayambira m'makalasi obwereka a sukulu za pulayimale kapena m'nyumba za mipingo, ophunzitsa ali aphunzitsi a pulayimale omwewo. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo kufunika kwa malo a fomu 1 kunakula. Mu 1998 boma linasandutsa malo a MCDE aja kukhala sekondale zoyendera za m'madera, zodziwika ndi dzina loti CDSS.

Koma ana okhoza mayeso a sitandade 8 anapitirirabe kuchuluka kuposa malo omwe alipo. Mpata umenewu ndiwo sukulu za openi zimadzaza. Zimalembetsedwa pansi pa MCDE ndipo zimagwiritsa ntchito makalasi a sekondale za boma. Olowamo ndi ana omwe sanasankhidwe, obwereza fomu 4 pofuna kukonza mapointi, atsikana obwerera kusukulu atabereka, ndi akuluakulu a pantchito. Amalipira fizi, ndalamayo n'kumalipirira aphunzitsi, ndipo amalemba mayeso omwewo a MANEB.

Apa ndiye pali kusiyana kwakukulu ndi ku New York. Kumeneko alendo amabwera ndi aphunzitsi awo. Kuno aphunzitsi a m'mawa ndi omwewo a masana. N'chifukwa chake dandaulo lomwe limamveka kwambiri kwa makolo a ana osankhidwa si la chipinda ayi, koma la mtima wa mphunzitsi: amati ena amasungira mphamvu zawo openi, kumene kuli ndalama ya pamanja, ndipo phunziro la m'mawa limangodutsidwa pamwamba. Aphunzitsi nawo amati malipiro a boma sakwanira, ndipo popanda openi ana mazanamazana akanangokhala pakhomo. Onse awiri sakunama. Madandaulo ena ndi a madesiki othyoka, zimbudzi zodzadza msanga, mabuku ochepa ogawana anthu ambiri, ndi atsikana oweruka dzuwa litalowa ulendo uli wautali.

Kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe

Madera a Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu ali kumbali ya boma la Lilongwe yomwe sukulu zake za pulayimale zimayang'aniridwa ndi ofesi ya Lilongwe Rural West, pamene sekondale zili pansi pa chigawo cha maphunziro cha Central West. Ndi madera a alimi a fodya, chimanga, mtedza ndi soya, kotero fizi ya mwana wa openi imadalira kwambiri mmene msika wayendera chaka chimenecho.

Funso loti nyumba ya sukulu ndi ya yani silophweka m'madera ngati amenewa. Midadada yambiri inamangidwa pa chitukuko: mfumu inapereka malo, mudzi uliwonse unaumba njerwa zake, amayi anatuta mchenga ndi kutunga madzi, kenaka boma kapena thumba la MASAF n'kubweretsa simenti ndi malata. Papepala sukuluyo ndi ya boma, koma kholo lomwe linagona pauvuni likusonkhezera moto silingavomere kuti lilibe mawu. Masiku ano malamulo a 2018 amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, komabe mchenga ndi madzi zikadali ntchito ya anthu a m'mudzi.

Palinso sukulu za mishoni. Mpingo wa Katolika unakhazikika kale ku Namitete, kumene kuli chipatala cha St. Gabriel chomwe chinatsegulidwa mu 1959, ndi ku Nambuma kumalire ndi boma la Dowa, pamene Sinodi ya Nkhoma ya CCAP ili ndi sukulu zambiri m'chigawo chapakati. M'sukulu zotere malo ndi nyumba ndi za mpingo, koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma. Sekondale monga Likuni Boys ndi Likuni Girls zimathandizidwa ndi boma chonsecho zili m'manja mwa mpingo. Zimenezi ndizo zikufananako ndi charter, kungoti zinatembenuzika: mwininyumba ndi mpingo, mlendo ndi boma. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo zinaoneka mu November 2019 pa sukulu ya M'manga ku Balaka, ya mpingo wa Anglican, pamene mkangano wa atsikana ovala hijabu unafika pa ziwawa ndi kutsekedwa kwa sukulu. Pangano la pakati pa Akhristu ndi Asilamu pankhaniyi linasainidwa mu 2021 motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee.

Mawu a makolo

Makolo amalankhula kudzera m'komiti ya sukulu, PTA ndi gulu la amayi loyang'anira atsikana, ndipo zikavuta nkhani imapita kwa mfumu kapena kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni. Chofooka cha kubwerekana makalasi m'midzi n'choti kawirikawiri zimangothera pakamwa. Makalasi omwewo Loweruka ndi Lamlungu amabwerekedwa ndi mipingo yopanda tchalitchi, pa chisankho amasanduka malo oponyera voti, ndipo kukagwa madzi osefukira amakhala misasa. Loko akathyoka, aliyense amaloza mnzake.

Komiti ya sukulu ikamva kuti pakubwera gulu lina lodzagwiritsa ntchito makalasi, kaya ndi openi kaya ndi mpingo, ifunse kuti zilembedwe: ayamba nthawi yanji, alowetsa ana angati m'kalasi, asunga makiyi ndani, ndipo pa ndalama zomwe atolere, zokonzera madesiki ndi kukumbira zimbudzi zikhala zingati.