TAI CHI: NKHONYA IMENE INAPHUNZIRA KUYENDA PANG'ONOPANG'ONO

Anyamata a pa sukulu imene ndiyang'anira kuno ku Limbuli ali ndi masewera amene makolo athu sanawadziwe. Akacokera ku nyumba zoonetsera kanema pa msika, amafika pabwalo akudumpha ndi kuponya miyendo m'mwamba, nati akucita monga Bruce Lee ndi Jet Li. Si kamodzi ai ndamanga nsanza pa cigongono ca mwana cifukwa ca masewera amenewa. Cotero ambiri a ife tikamva za nkhonya ya ku China timaganiza za kudumpha ndi kupfuula. Koma m'dziko lomwelo muli nkhonya yina imene anthu amasewera m'mamawa, ali cete, pang'onopang'ono monga munthu wooloka mtsinje wa madzi ofika m'cifuwa. Ndipo ambiri oisewera ndi nkhalamba za imvi. Dzina lace ndi tai chi. Mbiri yace ndiyo ndifuna kukufotokozerani, owerenga anga, pakuti ikhudza agogo athu koposa anyamata.

Dzina lathunthu ndi tai chi chuan. Chuan ndiye kuti nkhonya. Tai chi ndi mau akale a anthu anzeru a ku China, onena za gwero la zinthu ziwiri zosiyana zimene sizilekana, yin ndi yang. Poyamba penipeni mau awiriwa anali kunena za phiri: yin ndi mbali ya mthunzi, yang ndi mbali yowala dzuwa. Ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje sitifuna mphunzitsi pa cimeneci. Tiona tsiku ndi tsiku kuti mthunzi umene unali uku m'mawa wapita uko madzulo, koma phiri ndi limodzi lomwelo. Momwemonso thupi la wosewera tai chi: mwendo wina ukalemedwa, wina upepuka, dzanja lina likapita, lina libwera.

KUMENE INAYAMBIRA

Pali nthano yakuti munthu wina wodzipatula, Zhang Sanfeng, wa ku mapiri a Wudang, anaona mbalame ikulimbana ndi njoka. Mbalame inali kujompha ndi mphamvu, koma njoka inangopinda thupi lace nilewa, kufikira mbalameyo inatopa. Akuti pamenepo anazindikira kuti cofewa cingapambane colimba. Nthanoyi ndi yokoma, ndipo Jet Li anasewera monga munthu ameneyu m'kanema wa caka ca 1993. Koma ofufuza mbiri saiyesa umboni, monga ifenso sititengera nthano za Kalulu ku bwalo la milandu.

Codziwika ndi ici. M'cigawo ca Henan, kumpoto kwa mtsinje waukulu wa Huang He, muli mudzi wa alimi wochedwa Chenjiagou, wa banja la Chen. M'zaka za m'ma 1600 munali munthu dzina lace Chen Wangting, mkulu wa asilikari. Pamene ufumu wa Ming unagwa m'caka ca 1644, iye anakhala pamudzi nayamba kuphunzitsa abale ace. Anatenga njira zomenyera za asilikari, zambiri zofanana ndi njira 32 zolembedwa m'buku la kazembe wa nkhondo Qi Jiguang, naziphatikiza ndi nzeru zakale za kapumidwe ndi za kuongola thupi. Masiku amenewo anali a nkhondo ndi acifwamba, ndipo mudzi wosadziwa kudziteteza unali kulandidwa dzinthu. Tsono tisanamizane: tai chi inabadwa kuti ithyole mafupa a mdani. Kwa mibadwo isanu a banja la Chen anaisunga monga cuma ca pamtundu.

Mlendo amene anaiturutsa m'mudzimo ndi Yang Luchan, wobadwa m'caka ca 1799, amene anaphunzira kwa Chen Changxing zaka zambiri. Anthu amakamba kuti poyamba anali kusuzumira pa mpanda usiku pamene eni ace anali kuphunzira. Kaya ndi zoona kaya ndi zokometsera, mlendo waturutsa cinsinsi nthawi zonse amakambidwa cotero. Pambuyo pace anapita ku Beijing, kumene anaphunzitsa ana a mafumu ndi asilikari olondera nyumba ya mfumu, ndipo anachuka ndi dzina lakuti Yang Wosagonjetseka. Anamwalira m'caka ca 1872.

MFUTI ISINTHA ZINTHU

Nanga nkhonya yoopsa cotere inakhala bwanji masewera a nkhalamba? Cifukwa cacikulu ndi mfuti. M'caka ca 1900 magulu a anthu odziwa nkhonya zosiyanasiyana anaukira alendo ku China, ambiri akukhulupirira kuti cipolopolo sicingawalase. Anaphedwa ambirimbiri. Kuyambira pamenepo kunali kobvuta kunena kuti dzanja lingateteze mudzi. Koma aphunzitsi anali ataona kanthu kena: ophunzira ao odwaladwala anali kupeza mphamvu, ndipo okalamba anali kuyenda coongoka.

Mdzukulu wa Yang Luchan, dzina lace Yang Chengfu, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1883 kufikira 1936, ndiye anasintha kwambiri. Anacotsa kudumpha ndi kuponda pansi mwamphamvu, nasiya mayendedwe akulu, ofatsa, osathamanga pena paliponse. M'caka ca 1956 boma la China linasankha mayendedwe 24 okha, otha m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuti munthu wamba aphunzire msanga. Wophunzira wina wa Yang Chengfu, Cheng Man-ch'ing, anapita ku Taiwan m'caka ca 1949 ndi ku New York m'caka ca 1964, ndipo tai chi inafala m'maiko a Azungu.

Zotere siziri zacilendo kwa ife. Asilikari athu atabwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, perete wa cisilikari anafala m'midzi monga gule: beni kwa Ayao, malipenga kwa Atonga, mganda m'cigawo ca pakati. Cida ca nkhondo cinasanduka cokondweretsa mudzi. Kusiyana kwace ndi kwakuti gule wathu anaonjeza liwiro ndi ng'oma, pamene tai chi inacepetsa liwiro nikhala cete.

CIMENE ICITA M'THUPI

Wosewera aima mapazi motalikirana pang'ono, maondo opinda pang'ono, msana woongoka, mapewa ogwa. Posuntha, ayamba waika kulemera kwace konse pa mwendo umodzi. Kenaka anyamula winawo, naika cidendene pansi mopepuka, ndipo atatsimikiza kuti pansi pali bwino ndi pamene asamutsirako thupi. Ciuno ndico citembenuza thupi, manja angotsata. Mpweya ulowa ndi kuturuka mofatsa kufikira m'mimba. Mayendedwewo ali ndi maina okoma: kugwira mcira wa mpheta, kuyendetsa manja monga mitambo, mbalame yoyera itambasula mapiko.

Wina adzati, "Aphunzitsi, ife timalima, timathyola tiyi ndi dengu kumsana, timapalasa njinga ndi matumba kucokera ku Muloza. Tifuniranji masewera ena?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo inenso ndinali kuganiza comweco. Nchito zathu zipatsa mphamvu ndithu. Koma zipinda thupi mbali imodzi tsiku lonse, ndipo munthu akakalamba naleka khasu, cimene ciyamba kumthawa si mphamvu ya manja ai, koma nzeru ya miyendo yodziwa kuima osapendama.

Ndinaphunzira cimeneci ndi misozi. Mai anga, amene anasenza mitolo ya nkhuni kucokera m'phiri zaka makumi anai, anaterereka pa khomo la bafa tsiku lina la mvula, nathyoka pfupa la m'ciuno. Anagona m'cipatala masabata ambiri. Pfupa linalumikizana, koma mantha anatsala. Analeka kupita ku msika, analeka kupita ku maliro, ndipo cifukwa ca kukhala pansi miyendo inafookeratu. Yang'anani m'mudzi mwanu, mudzapeza gogo wotere: sanadwale nthenda iriyonse, anangogwa kamodzi.

Pa cinthu cimeneci madotolo anayesa tai chi mosamala. Mu mzinda wa Atlanta ku America anatenga anthu 200 a zaka 70 ndi kuposerapo, nawagawa m'magulu atatu. Gulu limodzi linaphunzira tai chi masabata 15. Zotsatira zace zinalembedwa m'caka ca 1996, ndipo zinaonetsa kuti ngozi ya kugwa kawirikawiri inacepa pafupifupi ndi theka m'gulu limenelo. Ku Boston anayesa anthu 204 odwala nyamakazi ya m'maondo, ndipo zotsatira zace zinalembedwa m'caka ca 2016. Ena anasewera tai chi masabata 12, ena analandira cithandizo ca kucipatala coongola ziwalo. Ululu unacepa mofanana m'magulu onse awiri, koma a tai chi anapepukidwa mtima koposa anzao.

Za mtimazi sizindidabwitsa. Munthu amene akuyang'anira phazi lace, dzanja lace ndi mpweya wace nthawi imodzi alibe malo m'mutu osungiramo ngongole ya feteleza. Kwa mphindi zocepazo nkhawa iyembekeza panja, ndipo kupuma kofatsa kukhazika mtima pansi.

Koma ndikucenjezeni. Aphunzitsi a ku China amanena za chi, mphamvu ya moyo yoyenda m'thupi, ndipo pali ena amene amagulitsa mau amenewa monga mankhwala a nthenda zonse. Musawamvere. Tai chi sipha malungo, sicotsa cifuwa cacikulu, ndipo wakumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi asaleke. Phindu lace liri m'miyendo, m'maondo ndi m'kukhazikika kwa mtima. Limenelo ndi lokwanira.

Ku Malawi kuno nkhonya ya ku China inafika poyera pamene Hui Li, mtsogoleri wa cipembedzo ca Buddha wa ku Taiwan, anatsegula malo olerera ana amasiye a Amitofo pafupi ndi Blantyre m'caka ca 2004. Ana a kumeneko anaphunzitsidwa kung fu ya ku Shaolin, imene kwao ndi ku Henan komweko. Imeneyo ndiyo ya liwiro, mbale wace wa tai chi. Ndipo m'December 2020 bungwe la UNESCO linalemba tai chi m'kaundula wa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a pa dziko lonse. M'kaundula yemweyo muli Gule Wamkulu, Vimbuza, ndi chopa wa Alomwe, amene analembedwa m'caka ca 2014. Wobvina chopa wa ku Mulanje ndi nkhalamba ya ku Chenjiagou ali m'buku limodzi.

Ine sindine mphunzitsi wa tai chi. Ndinangophunzira kayendedwe koyamba kaja poonera pa lamya ya m'manja, ndipo dotolo atalola ndinayamba kucita ndi mai anga m'mawa uliwonse ndisanapite ku sukulu. Iwo agwira nsanamira ya khonde ndi dzanja limodzi, ine ndiima pambali pao. Tipinda maondo pang'ono, tilemetsa mwendo wamanzere, tinyamula wamanja, tiika cidendene pansi, tisamuka. Kakhumi uku, kakhumi uko. Masiku oyamba anakana, nati ndikuwaseketsa kwa adzukulu. Tsopano papita miyezi isanu, ndipo Loweruka lapitali anafika okha ku msika wa Limbuli ndi ndodo yao kukagula usipa. Dzina lakuti tai chi silikhala pa lilime lao; akandiona ndikucedwa kudzuka amagogoda pa citseko, nati tiyeni tikayende ca birimankhwe.